Regnitz sanunkha usipa

Lamulungu lililonse ndimatsikira kumtsinje wa Regnitz, kuno ku Bamberg, manja ali m'thumba chifukwa cha chisanu. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sanauphwanye kwenikweni mzindawu, choncho nyumba zamakedzana zidakalipo, ndipo mu 1993 bungwe la UNESCO lidauika m'gulu la malo ofunika kusungidwa. Holo yakale, Altes Rathaus, idamangidwa pakati penipeni pa madzi, milatho itaigwira uku ndi uku. Alendo amaunjikana pamenepo kujambula, ine n'kungodutsa.

Pomwe ndimaima ndi moyang'anana ndi Klein Venedig, mzere wa tinyumba tothithikana m'mbali mwa madzi. Kale munkakhala asodzi. Nditangomva zimenezo ndidakoka mpweya ndi mphuno kusaka fungo la kwathu, koma kudali zii. Maluwa m'mawindo, timaboti tomangirira bwinobwino, koma palibe thandala la usipa, palibe mayi wonenerera mtengo wa ndowa, palibe ana osambira pakati pa mabwato.

Ku Nkhotakota madzi sakhala chete chonchi. Usiku nyali za asodzi a chilimira zimandandalika ngati mudzi wayandama panyanja. Dzuwa limatulukira mbali ya ku Mozambique amuna akukokera mabwato pamchenga, ndipo mwera ukawomba m'miyezi yozizira aliyense amene ali ndi wake panyanja sagona. Ndimakumbuka chambo cha ku Chia, anyamata akuchikweza m'mwamba pamlatho kuti galimoto ziime, ndi mpasa wokwera mtsinje wa Bua.

Mnzanga wina wa kuno adandifunsa ngati kwathu kuli zakale zoonetsa alendo. Ndidamuuza za mkuyu umene David Livingstone adakumanirana pansi pake ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo, ndi manda a Bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895, mutchalitchi cha All Saints. Ndikufotokoza, mawu adanditsamwa pakhosi. Mtengo umenewo ndinkaudutsa osaucheukira n'komwe.

Kuyambira Sepitembala mpaka Epulo kuno amadya nsomba yotchedwa Karpfen, yokazinga, ndi mbatatesi. Ndidaigula, ndipo ndi yokoma ndithu, koma dzanja langa linkangofunafuna kondowole pambali pa mbale. Madzulo ake amayi adaimba foni.

"Mwanangu, ukudya chiyani kumeneko?"

"Nsomba, amayi."

"Ya m'nyanja?"

Kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva mafunde akuswa pagombe. Ndidawapempha kuti ayambe akhala chete pang'ono, asadule foni.