Tsiku pa benchi ya wokonza mafoni ku Nkhudzi

Maboti akamakocheza ndi usipa m'mamawa ku Nkhudzi, wokonza mafoni m'mbali mwa msewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay amakhala atayala kale zida zake. Oyamba kufika ndi alovi, mafoni ali m'majumbo. Ambiri angofuna kutchaja. Mmodzi foni yake yamwa madzi usiku pokoka chilimira, ndipo wayesa kale kuiyatsa kangapo, osadziwa kuti moto wa batire ukayenda pa bolodi yonyowa umaiwotcha.

Mloviyo sakudandaula foni ayi, koma manambala a ogula nsomba a ku Limbe ndi Lilongwe. Apa mpamene pagona vuto. Kuchokera mu 2019, mafoni atsopano otuluka ndi Android 10 kapena yoposa apo amayenera kusunga zonse mwa encryption: zithunzi ndi mauthenga zimasokonezedwa dala kuti wakuba asaziwerenge, ndipo kiyi yake imamangidwa ku pini ya mwini komanso ku bolodi ya foniyo. Bolodi ikafa, zam'kati zapita nayo, pokhapokha ngati mwini adazisunganso ku Google.

Dzuwa litakwera, akubwera mayi wogulitsa usipa wouma. Foni ikuwauza kuti afomate memore khadi yawo. Funso la wokonza ndi limodzi kwa aliyense: "Mayi, mwadina kale?" Sanadine. Iye akuika khadiyo pa kompyuta, akuyamba wakopera yonse pambali, kenako akutsegula pulogalamu yaulere ya PhotoRec. Zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo zikutuluka chimodzichimodzi, koma zakumapeto palibe. Khadiyo ndi yachinyengo: pamwamba adalemba 64GB, m'kati mulibe malo otero, ndiye zoonjezera zimangotayika.

Mnyamata wa kabaza amene akutsatira alibe mwayi umenewo. Khadi yake adaisandutsa mbali ya memore ya m'foni, njira imene idabwera ndi Android 6 mu 2015. Khadi yotere imakiyidwa, kiyi n'kukhala m'foni momwemo. Foniyo adakaiflashitsa ku boma sabata yatha, kiyi idafufutika, ndipo PhotoRec sikuonamo kanthu.

Masana malata akutentha, magetsi azima, benchi yonse yatembenukira ku sola. Kuzimazima kotere anthu akuno adakuzolowera, makamaka namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Magetsi akazima, laputopu ya batire lakufa imathima nthawi yomweyo, ngakhale ili pakati polemba pa disiki, ndipo mafayilo amasiyidwa oduka.

Ndi mmene zawachitikira aphunzitsi amene alowa chakumadzulo, mayeso a teremu ali m'laputopu yogula pasekondi kuchokera ku Joni. Ikayaka ikungoonetsa sikirini yabuluu yofuna kiyi ya BitLocker (pulogalamu yokiya disiki mu Windows), manambala 48. Akanakhala nayo, ntchito ikanayenda mwadongosolo: kutsegula disiki, kukopera mafayilo kwina, kukonza zowonongeka pomalizira, chifukwa mapulogalamu okonzera disiki amalembanso pomwepo ndipo atha kuipitsiratu zinthu. Koma kiyiyo ili mu akaunti ya Microsoft ya mwini wakale, munthu wosadziwika. Chotsala ndi kuikamo Windows yatsopano, mayeso n'kulembanso.

Vutoli si la kumudzi kokha. Pa 19 Julaye 2024, kampani ya CrowdStrike itatumiza pulogalamu yolakwika, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni adagwa, ndege zambiri n'kulephera kunyamuka. Makampani amene sadasunge bwino makiyi awo a BitLocker adachedwa kudzuka.

Kukamada magetsi ayaka. Achinyamata adzaza kudzabenetsa nyimbo m'maflashi, alovi akutenga mafoni awo kubwerera kunyanja. Wokonza akuwerenga za tsikulo: za mayi aja zapulumuka zambiri, za atatu enawo zapita.

Inu amene muli ndi laputopu, onani lero ngati BitLocker ndi yoyatsa, mulembe manambala 48 aja m'kope, ndipo mafayilo ofunika muwakopere pa flashi ina yosungidwa kunyumba.