Ine Ndimasewera Malume

Pa mapepala oitanira anthu ku sewero, dzina langa limakhala m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono. Ndine uja amasewera mlonda, nyakwawa, sing'anga kapena malume obwera kudzaweruza nkhani ya banja. Ndimaoneka kanthawi kochepa, koma ndimakonzekera ngati sewero lonse ndi langa.

Ndinakula nthawi imene Wakhumbata ya Du Chisiza Jr ndi Kwathu Drama Group zinkadzaza French Cultural Centre ku Blantyre. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ndinkawaonera ndili pakati pa anthu, ndipo ndinatolapo chinthu chimodzi: mnzako akamalankhula, iwe usagone. Pasiteji thupi lonse limagwira ntchito. Mawu afike kwa munthu wakumbuyo kwenikweni, ndipo anthu akaseka, uwadikire amalize.

Wailesi ya kanema ya TVM itayamba mu 1999, zonsezi zinafunika kuchepetsa. Kamera imakufika pafupi, kukweza nsidze pang'ono kwakwana. Mufilimu ndiye muli mwambo wina. Chigawo chimodzi mumachijambula mobwerezabwereza, kamera ikusintha malo. Ngati ndinanyamula kapu ya tiyi ndi dzanja lamanzere pa mawu akutiakuti, ndiyeneranso kuinyamula ndi dzanja lomwelo pa mawu omwewo, tiyiyo atazizira kale, apo ayi wolumikiza zithunzi avutika.

Anthu amene ndimawasewera ndimawapeza m'minibasi, pamaliro ndi pabwalo la milandu kumudzi. Mlonda wa usiku sakhala tsonga pampando. Amapinda msana, manja m'kati mwa jekete, khutu lili kugeti. Nyakwawa yeniyeni sikalipa. Imayamba yakhosomola, kugogoda ndodo pansi, anthu n'kukhala chete okha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti masewero ambiri a pawailesi ndi pakanema amalipiridwa ndi mabungwe ofuna kufalitsa uthenga, wa Edzi kapena wa maukwati a ana, ndiye malume amalembedwa ngati munthu woipa basi. Uthengawo ndi wofunika, sindikana. Koma malume amene akukakamiza mwana wa mlongo wake kukwatiwa ali ndi ngongole ya feteleza, nkhokwe ilibe kanthu, ndipo akuopa kunyozeka pamudzi. Zimenezi wolemba saziika papepala. Ndimaziika ndekha, m'mene ndimapewera maso a mwanayo pomuuza kuti sukulu yathera pomwepa, ndi m'mene ndimapotokolera chipewa m'manja amayi ake akayamba kulira.