Ndidawaletsa kulera, viniga ndiye adawapulumutsa

Nkhaniyi ndakhala nayo kukhosi kwa zaka zingapo, lero ndati ndiilavule basi. Ndine mkamwini kuno kwa Kadewere m'boma la Chiradzulu, ndipo amene ndabwera kudzamuneneza pabwalo lino si boma kapena achipatala ayi, koma ine mwini wakene.

Mu 1998, mwana wathu wachitatu ali kumsana, mayi a kunyumba adabwera kuchokera kusikelo ndi kakhadi m'manja. "Bambo a Chikondi, anamwino akuti ndiyambe jakisoni wolera, thupili lipumeko," adatero. Ine ndidalumpha ngati ndaponda khala la moto. Ndidati jakisoni ngwa akazi oyendayenda, n'kuwonjezera bodza lomwe ndidalitola pabawo ku Njuli loti jakisoniyo amaunjika magazi m'mimba mpaka kusanduka khansa. Kakhadi kaja kadathera pamoto.

Kunena chilungamo, lamulo silidali kumbali yanga. Boma la Kamuzu, lomwe poyamba silinkafuna n'kumva komwe za kulera, lidavomereza ntchitoyi mu 1982. A Banja La Mtsogolo adayamba mu 1987, ndipo pofika 1992 mayi sankafunikanso chilolezo cha mwamuna kuti alere. Koma lamulo la ku Capital Hill ndi lina, la pakhonde pa mwamuna ndi linanso. Mayiwo adangoti "chabwino bambo", ndipo ana tidabereka asanu ndi awiri. Kuchipinda chija cha zakulera sadapondekonso.

Ndikadadziwa bwanji kuti patsogolo pake m'chipinda chomwecho ndimo azidzayezera khansa ya khomo la chiberekero? Mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayiwa, adatisiya mu 2016 ndi nthenda yomweyi, ife tili kalikiliki kuthamangira kwa asing'anga ati adalodzedwa. Nthawi imeneyo m'Malawi muno mudalibe makina owotchera khansa. Wa m'thumba molemera ankapita ku Zambia, ku India kapena ku Joni. Wosauka ankapita kumanda.

Mu 2021 mwana wathu woyamba, Chikondi, adapita kukaikitsa njira yolerera ya pamkono. Asanamuike, anamwino adamupempha kuti amuyeze kaye. Akuti amapaka viniga pakhomo la chiberekero, inde viniga yemweyu wothira mutchipisi, ndipo pakatha mphindi imodzi malo odwala amayera mbuu. Zikakhala kuti zangoyamba kumene, amawotcha pomwepo ndi kachipangizo kotentha, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Chikondi adapezeka ali bwino. Koma ankadziwa chinsinsi chomwe ine, mwamuna wogona nyumba imodzi ndi mayi ake, sindinkachidziwa: mayiwo ankataya magazi ngakhale adali atasiya kale kupita kumwezi.

"Amayi, mawa tipitire limodzi," adatero madzulo ake. Nditati ndikhosomole, adanditembenukira: "Ababa, apa inu musayankhulepo." Ha! Mwana womubereka ndekha. Ndidakhala chete.

Viniga adaonetsa kuti zinthu zapitirira poti n'kuwotcha. Adatitumiza ku Gulupu mumzinda wa Blantyre, komwe a MSF, omwe aja adabweretsa ma ARV kuno ku Chiradzulu mu 2001, adayamba kuthandizana ndi boma pa nthendayi mu 2018. Kumeneko ndidalimba mtima n'kufunsa adokotala ngati jakisoni wolera ndiye amayambitsa zimenezi. "Kodi amayiwa adabayitsapo?" adafunsa. Ndidati ayi. "Nanga mwaona bambo. Gwero lake ndi kachirombo ka HPV kofala pogonana, ndipo amuna ambiri amakanyamula osadziwa." Ndidakumbukira zaka zomwe ndinkagwira ntchito ku Limbe, kumudzi n'kumangobwera pakutha pa mwezi. Ndidayang'ana pansi.

Tikudikira tsiku la opaleshoni, mnyamata wathu wa ku Joni ankaimba foni usiku uliwonse, ali ndi zomwe wawerenga. Adandiuza za mankhwala ena odabwitsa. Akuti akatswiri amatenga kachidutswa kakang'onong'ono ka puloteni, kotchedwa peptide, komwe kamamatirira pa chotupa chokha monga momwe chisoso chimakakamirira pa thalauzi koma osati pa mwala. Pa kachidutswako amamangirirapo kanthu kotulutsa radiation kotchedwa lutetium-177, n'kukalowetsa m'thupi kudzera mudiripi. Kamayenda ndi magazi, kakapeza chotupa n'kumatirira, n'kumachiwotcha cham'kati osapsereza kwambiri mnofu wabwino. Ena mwa mankhwala otere, Lutathera, adaloledwa ku Ulaya mu 2017 ndi ku America mu 2018, ndipo ena ofananako a khansa ya prostate, ya ife abambo, adaloledwa mu 2022. Adatinso pa chipatala cha Steve Biko ku Pretoria, Pulofesa Mike Sathekge ndi anzake adatchuka pothandiza abambo ndi njira yotereyi.

Ine mtima udali dyokodyoko. Ndidayamba kale kuwerengera mbuzi ndi njinga. Kenaka mnyamatayo adatsitsa mawu: "Koma ababa, amenewa si a khansa ya amayiyi." Adaonjeza kuti mtengo wake ngwosayamba, komanso mphamvu yake imatsika ndi theka sabata isanathe, moti sungawasunge pashelefu ngati panado.

Sindikuwanyoza mankhwalawo ayi, nzeru zimenezo n'zogometsa. Chidandiwawa n'choti ndidali wokonzeka kugulitsa mbuzi zonse kufuna mankhwala a kutsidya kwa nyanja, ine yemwe ndidatsekera mkazi wanga chitseko cha ulele chomwe chili pamtunda wongopalasa njinga. Akadakhala munthu wozolowera kupita kumeneko, bwenzi viniga atawapeza kale nthenda ikadali khanda.

Opaleshoni idayenda bwino, adachotsa chiberekero. Tidachita mwayi kuti sipadafunike makina owotchera, poti oyamba adafika m'dziko muno mu 2024 pa chipatala cholipira ku Blantyre, ndipo chipatala cha khansa cha boma ku Lilongwe adachitsegula mu 2025.

Mwana wa Chikondi adabayitsa katemera wa HPV kusukulu atakwana zaka 9, katemera yemwe boma lidayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Sabata yomweyo pabawo mkulu wina adati katemerayo ngwotseketsa atsikana kuti asadzabereke. Anthu adavomera ndi mitu. Ndidamva mawu anga enieni a mu 1998 akutuluka pakamwa pa munthu wina. Ndidamufunsa kuti adazimva kwa yani, iye adati aliyense akudziwa. Ndidamufotokozera zonse, ngakhale za ku Limbe zija. Bawo lidathera pomwepo, ndipo mpaka lero mkuluyo sandipatsa moni bwinobwino.

Lachiwiri likudzali mayi a Chikondi akukaonedwanso ndi adokotala. Njinga ndapopa kale. Pabenchi paja mwamuna ndimakhalapo ndekha, amayi ena n'kumandiseka chamumtima, ndipo chikwama chokhala ndi buku la kuchipatala ndimanyamula ndine.