Kuthamanga Sikufika: Kuchokera ku Chintheche Kukwera ku Nyika

Amene adagonapo m'mbali mwa nyanja ku Chintheche amadziwa kuti m'bandakucha kumamveka maphokoso awiri. Loyamba ndi la asodzi akukokera mabwato awo pamchenga pochokera kokapha usipa. Lachiwiri ndi la injini za malole ndi mabasi onyamula alendo odzaona dziko, omwe amagona ku Kande ndi malo ena a m'mphepete mwa nyanjayi. Ena mwa malole amenewa amakhala ali pa ulendo wautali wa pakati pa Nairobi ndi Cape Town, ndipo kuno amaima masiku angapo kuti alendo apumule ndi kusambira.

Ife a kuno takhala tikuwaona magalimoto amenewa kwa zaka zambiri, koma maso athu amathamangira kwa alendo ndi makamera awo. Munthu amene amadzuka aliyense ali mtulo n'kulowa pansi pa galimoto ndi sipanala m'manja sitimuganizira konse. Ifenso sitinkamuganizira, kufikira pamene tidaika miyoyo yathu m'manja mwake.

Mwezi wa Epulo chaka china, mabanja angapo tidasonkherana ndalama kuti ana athu akaone mapiri a Nyika, omwe amangowamva m'kalasi. Tidachita hayala basi yaing'ono yomwe nthawi zambiri imanyamula alendo akunja. Tonse tidalipo anthu 22. Woyendetsa adali bambo wachikulire wa Chitonga, wosalankhulalankhula, ndipo tonse tinkangowatchula kuti ada monga mwa chikhalidwe cha kuno.

Tsiku lonyamuka tidafika molawirira, koma ada adatidikiritsa pafupifupi ola lathunthu. Adayang'ana madzi ndi oyilo, adamenya tayala lililonse ndi chitsulo n'kumvetsera kulira kwake, kenaka adakweza matayala awiri apadera, jeke, fosholo, chingwe chokhuthala, matabwa awiri ndi zigubu za dizilo. Mmodzi wa ife adafunsa moseka ngati tikusamuka. Iwo adati: "Achimwene, mukapitirira Rumphi simupezanso pothira mafuta kapena makaniko. Chimene mwaiwala kuno mwachiiwaliratu."

Chigawo choyamba cha ulendo chidali chosavuta. Msewu wa M5 ndi wa tala, ndipo umadutsa m'minda ya chinangwa, kuwoloka mtsinje wa Luweya ndi kulowa m'nkhalango ya mitengo ya labala ya ku Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wa mitengoyo. Titakhota pa mphambano ya ku Nkhata Bay tidakwera mtunda mpaka mu mzinda wa Mzuzu, kenaka tidatsata msewu wa M1 kudzera pa Ekwendeni, n'kupatuka kulowera ku Rumphi, kumene mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pakati pa mapiri pa Njakwa.

Titalowera cha ku Bolero, kwawo kwa a Chikulamayembe, tala adatithera. Apa mpamene ntchito ya ada idayamba kuoneka. Msewu wa dothi uli ndi timizere tangati ta malata tomwe timagwedeza galimoto mpaka mabawuti kumasuka. Uli ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi a mvula, mchenga m'zigwa ndi miyala yosongoka m'zitunda. Ada adazimitsa wailesi, adagwira chiwongolero ndi manja awiri ndipo maso awo adali patali, osati pamphuno pa galimoto. Pa mlatho wina waung'ono adaima, adatsika, adauyenda wapansi uku ndi uku, kenaka mpamene adatiwolotsa.

Pa geti la Thazima, polowera m'nkhalango ya Nyika, tidalipira ndi kulembetsa. Kuchokera pamenepo kukafika ku Chelinda pali makilomita pafupifupi 60, koma tidayenda maola oposa awiri. Nkhalangoyi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1965 ndipo ndi yaikulu kuposa zonse m'Malawi, yoposa masikweya kilomita 3,000. Penapake msewu umayenda m'malire enieni a dziko lino ndi Zambia. Mitengo ya msuku ndi mombo idayamba kuchepa, kenaka tidangoona zitunda za udzu zokhazokha mpaka kumene maso amalekezera. Ana adakuwa ataona mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya m'mbali mwa msewu. Pa Chelinda, pakati pa mitengo ya paini, tidali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, pamene nyanja yomwe tidaisiya m'mawa ili pa mamita osakwana 500. Ana a kunyanja, ozolowera kutentha, usiku umenewo adagona atavala majuzi awiriawiri.

Titakhala pamoto, ada adamasuka pang'ono. Adatiuza kuti msewu umene umayesa dalaivala kwenikweni ndi wa Golodi, wokwera kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, wa makilomita pafupifupi 15 ndi makona 20 okhota ngati mbedza. Nkhani ya msewu umenewo imayambira kwathu komwe kuno. Amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, adachoka ku Cape Maclear n'kudzakhala pa Bandawe, pafupi ndi Chintheche, m'chaka cha 1881. Malungo atawavutitsanso, m'chaka cha 1894 adakwera phiri kupita ku Khondowe, ndipo adafunika njira yokwezera katundu kuchokera kunyanja. Manda awo akale alipobe pa Bandawe. Ada adatchulanso msewu wotsetsereka wa ku Usisya, kumene anthu ambiri amadalira sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951.

Adatiphunzitsanso malamulo omwe madalaivala a m'misewu yotere amatsata. Pamtsetse galimoto imagwidwa ndi giya yotsika, chifukwa mabuleki akapondedwa nthawi yaitali amatentha n'kusiya kugwira. Pa kona yosaoneka kutsogolo, imba hutala. Wotsika azipatukira wokwera, popeza galimoto yolemera ikaima pamtunda imavuta kudzukanso. Madzi oyenda omwe sukuona pansi pake usawalowe. Ndipo mnzako ukampeza atatitimira usampitirire, pakuti mawa ndiwe.

Tsiku lobwerera mpamene tidachita manyazi. Titangonyamuka, chifunga chidatsika ndipo mvula idayamba. Dothi lofiira lidasanduka ngati sopo. Pamwamba pa mtsetse wina wautali basi idaterereka pang'ono chammbali. Ada adaiwongola, adaiimika pamalo osalala n'kuzimitsa injini. Adati tidikira kuti mvula ikate ndi msewu uumeko.

Ola loyamba tidapirira. Lachiwiri madandaulo adayamba. Wina adali ndi ntchito m'mawa mwake, wina adasiya mwana wodwala kwa agogo ake, wina ankawerengera ndalama za malo ogona zomwe sitidakonzekere. Kenaka galimoto ina yaing'ono ya matola idatidutsa ikuimba hutala, anthu ali pamwamba pa matumba. Pamenepo mitima idatentha, ndipo tisabise, ifenso tidalankhula nawo. Tidati: "Ada, anzanu akudutsa, inu mukuopa chiyani?"

Iwo sadakwiye. Adatembenuka, adayang'ana ana omwe adali m'mipando ya kumbuyo, n'kunena kuti: "Aphunzitsi, ana awa ndidawawerenga ku Chintheche, alipo 9. Ndikufuna ndikawawerengenso pomwepo. Abwana anga akandidula malipiro chifukwa galimoto yachedwa tsiku limodzi, ndidzapeza ena mwezi wamawa. Nanga mwana ndikamtenga kuti?"

Palibe adayankha. Tidadikira maola atatu. Mvula itakata ndi kamphepo katawomba, tidatsika pang'onopang'ono pa giya yoyamba, abambo tikuyenda pansi m'malo oterera kwambiri. Kumunsi kwa mtsetsewo tidaipeza galimoto ija itapendekeka m'ngalande. Mwamwayi palibe adafa, koma mayi wina adathyoka mkono. Chingwe chija tinkachiseka ndicho chidaitulutsa, ndipo mayiyo tidamtenga m'basi yathu mpaka ku chipatala ku Rumphi, kumene tidafika usiku n'kugona komweko.

Awerengi okondedwa, pa ngozi za pamsewu timakonda kuloza chala madalaivala, ndipo nthawi zina timalondola. Koma tiyeni tidzifunse kangati ife okwera takalipira dalaivala kuti akuchedwa, kangati tamutama wothamanga kuti ndiye katswiri, ndi kangati tamukakamiza kuyenda usiku atagwira chiwongolero tsiku lonse. Dalaivala wa m'misewu yakutali amapanikizidwa ndi bwana wake, amapanikizidwa ndi alendo ofuna kuona zonse m'tsiku limodzi, ndipo amatha masabata osaona banja lake. Ngati ifenso tiwonjezapo mawu athu, tikumukankhira kuphompho komwe tikagwere limodzi.

Kotero banja lomwe likukonza ulendo wa ku Nyika, ku Vwaza kapena ku Livingstonia lisankhe miyezi yopanda mvula, linyamule zofunda, madzi ndi kamba wokwanira, ndipo lisunge tsiku limodzi ndi ndalama pang'ono zapadera. Mukatero, dalaivala akanena kuti tiime simudzakhala ndi chifukwa chomutsutsa.

Tidafika ku Chintheche masana a tsiku lotsatira. Patali panyanja pankafuka mitambo ya nkhungu ngati utsi, ndipo amayi kunyumba adali atatiphikira kondowole ndi usipa. Ada adaima pakhomo la basi n'kuwerenga ana mmodzimmodzi pamene ankatsika. Atafika pa 9 adagwedeza mutu. Tidawagwira dzanja ndi manja awiri n'kupepesa chifukwa cha mawu athu a kuphiri. Iwo adangoti "Yewo", adatenga sipanala yawo n'kulowanso pansi pa galimoto, pakuti m'mawa mwake adali ndi alendo ena opita ku Chitimba.