Banda uti?

Ndili mu Sitandade 3 ndinafunsa agogo anga funso limene linatsala pang'ono kunditengera khofi. Tinali pakhonde tikusenda chinangwa. Ndinati, "Agogo, poti inu ndinu a Nabanda, kodi a Ngwazi ndi alongo anu?" Ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha utsi, maso ali kumpanda. "Iwe mwana, ukufuna tikagone kuti lero?"

M'mudzi mwathu a Banda anali mbwee: okhoma zidebe, osoka nsapato, mkulu wa mpingo, ngakhale woledzera wotchuka uja wa kumsika. Ndi mfunda wakale zedi, woyendera limodzi ndi wa a Phiri kuyambira nthawi ya Amaravi. Akulu amati a Phiri ankagwira ufumu wa Kalonga pamene a Banda ankasunga nthaka ndi akachisi opempherera mvula. Koma masiku amenewo, pa wailesi ndi pa chithunzi chopachika m'golosale iliyonse, Banda anali mmodzi basi. Ndipo sunkangoti "Banda" ngati ukuitana mnzako wa kudambwe. Unkayamba ndi maudindo onse, Ngwazi, Dokotala, Pulezidenti Wamuyaya, mpaka mpweya kukuthera.

Analipo wina amene anakwera ndithu, Aleke Banda wa ku Tukombo ku Nkhata Bay. Anthu ankanong'ona kuti mwina ndiye adzalowa m'malo. Mu 1980 anamutsekera popanda kumuzenga mlandu, n'kukhala m'ndende zaka 12. Ife ana tinangoona kuti dzina lake lasiya kumveka. Atatuluka anayambitsa nyuzipepala ya The Nation mu 1993, chaka cha riferendamu.

Kwa ine zinthu zinatembenuka m'minibasi. Kondakitala anauza dalaivala kuti, "Ikani ya Banda ija," ndipo palibe amene anadzidzimuka. Ankanena Lucius wa ku Balaka, mng'ono wake wa Paul wa Alleluya Band, amene pambuyo pake tinkangomuti Soja. Ndinakhala chete mpaka pa siteji, ndikudabwa kuti dzina lija lingatchulidwe chonchi, pakati pa matumba a makala ndi nkhuku zomanga miyendo.

Kenako a Banda ena anangotumphuka. Ku Zambia Rupiah Banda analamulira kuyambira 2008 mpaka 2011. Atangochoka, miyezi isanu ndi iwiri isanathe n'komwe, ife kuno tinalumbiritsa Joyce Banda pa 7 Epulo 2012, Bingu atamwalira. Nditamva wowerenga nkhani akuti "Pulezidenti Banda", thupi linachita tsemwe ngati ndaiwala khadi ya chipani kunyumba. Chonsecho mayiwa anabadwa a Mtila, ku Malemia ku Zomba. Dzinalo analitengera ku banja, kwa Richard Banda amene anali mkulu wa makhoti onse. Alipo amene ankati umenewo si uBanda weniweni. Agogo akanakhalapo akanagwirizana nawo, ine ayi.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga anathamangira m'nyumba foni ili m'manja. "Agogo, Banda wachinyanso!" Ndinafunsa kuti Banda uti. Anandiyang'ana ngati ndachokera kumwezi. Barbra, mtsikana wa ku Zambia amene anamwetsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, ndipo kenako anakasewerera Orlando Pride ku America.

Ndinamufunsa ngati akudziwa Banda wina aliyense. Anaganiza pang'ono.

"Uja wa pa K1000?"