TSOBOLA WAKALE WA AMALUME ANGA

Anthufe timasiyana pa zokonda. Pano pa sukulu belu la masewero likalira ena amathamangira mpira, ena gitala, pomwe ena sachoka pa bawo. Ine anzanga amandiseka chifukwa kuseri kwa makope anga ndimajambulako galimoto imodzi yokhayokha, Land Rover yakale. Matendawa ndinawatengera kwa amalume anga, ndipo ndati ndikufotokozereni m'mene zinakhalira.

Amalume anagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri ku Lilongwe. Atapuma pa ntchito anagula chiphakasa cha Land Rover pa esiteti ina ya fodya, nachikoka ndi thirakitala mpaka kumudzi. Nkhuku zinali zitayamba kale kuikiramo mazira. Anthu anaseka kwambiri, amvekere tsobola wakale sawawa. Iwo sanayankhe kanthu, anangoyala thumba pansi n'kulowa kunsi kwa galimotoyo, ndipo anaipatsa dzina loti Gogo.

Tchuthi chilichonse ine ndinkakhala wowapatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo m'beseni la parafini. Ndi pamenepo pamene anandiphunzitsa mbiri yake. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948. Anaiganiza ndi Maurice Wilks wa kampani ya Rover ku England, amene ankafuna galimoto yothandiza alimi, yoyenda pa msewu ndi m'munda momwe. Popeza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha ndipo chitsulo chinali chosowa, thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, ija ya mapoto. N'chifukwa chake thupilo silichita dzimbiri; chimene chimadyeka ndi chimango chachitsulo cha kunsi, ndipo amalume anatha miyezi akuchiwotcherera. Gogo ndi wa mtundu wa Series III, umene unkapangidwa ku Solihull kuyambira 1971 mpaka 1985, wa injini ya petulo ya malita 2.25. Mdzukulu wake wa maonekedwe akalewo, Defender, analeka kupangidwa mu Januwale 2016.

Chimene chinandikopa koposa ndi ndodo zitatu zili pambali pa woyendetsa. Yaitali ndi ya magiya monga pa galimoto iliyonse. Pa msewu wabwino matayala akumbuyo okha ndiwo amakankha, koma ukadinikiza ndodo ya mutu wachikasu onse anayi amayamba kukoka. Ukakokera kumbuyo ya mutu wofiira, galimoto imayenda pang'onopang'ono ngati kamba, koma ndi mphamvu ya ng'ombe zapagoli. Mulibe kompyuta, chikavuta umachiona ndi maso, n'kuchikonza pansi pa mtengo wa mango.

Patatha zaka zitatu Gogo analira. Kunena zoona ankamwa petulo kwambiri, ankadontha mafuta, ndipo pa mabampu mano ankaombana. Koma usiku wina pa tchuthi cha Khirisimasi mayi anga anadwala mwakayakaya, mvula itagwa masiku anayi osaleka. Anyamata a kabaza anakana, nati pa dambo sangawoloke. Amalume anangoti, “Mphwanga, tenga tochi ndi khasu, tiye.” Pa dambopo matope anafika m'mawondo, ine mtima uli phaphapha. Anakoka ndodo yofiira ija, Gogo anabuula, nasefukira uku ndi uku, mpaka tinatulukira tsidya lina. Kuchipatala anati ndi malungo aakulu, ndipo kukanacha tili kunyumba zikanavuta. Kuchokera tsiku limenelo amene ankaseka aja anayamba kubwera kudzapempha matola.

Chaka chathachi chimanga chathu chinapserera ndi ng'amba, ndipo bambo anasowa pogwira pa nkhani ya fizi yanga. Panali bwana wina wa mu mzinda, wokonda galimoto zakale, amene anabwera kawiri konse kudzapempha kugula Gogo, amalume n'kumukana. Ulendo wachitatu anachita kumuitana okha. Nditamva ndinathamangira kwawo misozi ili mbwembwembwe.

“Malume, musagulitse chonde. Ine ndikhoza kukhala chaka chimodzi pakhomo.”

Iwo anapukuta manja ndi kansanza, nati, “Iwe, zitsulo zimadikira pansi pa mtengo zaka makumi awiri osadandaula. Mwana sadikira. Kalongedze katundu wako.”

Tsiku limene Gogo ankapita amalume anamufotokozera mwini watsopanoyo zonse, ngati mayi amene akupereka mwana kwa mlezi: aziona mafuta m'mawa uliwonse, asayende pa tala ndodo yachikasu ili pansi. Kenaka analowa m'nyumba, osatulukanso mpaka madzulo.

Anzanga, mukandiona ndikujambula galimoto ija musamandiseke kwambiri. Mpando umene ndikukhalira m'kalasimu unagulidwa ndi zaka zitatu za thukuta la munthu wina, ndipo ulesi ukandigwira pa masamu ndimakumbukira zimenezo. Kalata imene ndalandira sabata yatha ikuti amalume amva za chiphakasa china chili kuseri kwa chigayo cha m'mudzi woyandikana nafe, ndipo akufunsa tsiku limene titsekere sukulu.