Bwalo lililonse lili ndi fungo lake

Ku America kuli anthu amene amasunga ndalama zaka ndi zaka kuti adzaponde mabwalo onse 30 a ligi yaikulu ya baseball, kuphatikizapo Fenway Park ya ku Boston yomwe inatsegulidwa mu 1912. Masewerawo ine sindiwatsata, koma matenda akewo ndili nawo. Geni ya usipa wouma imandichotsa kuno ku Kanyenda n'kundiponya m'matauni, ndipo thumba lomaliza likangotuluka, funso langa limakhala limodzi: kodi kuno lero kuli mpira?

Kwathu ndi ku Chitowe, pa Dwangwa. Kumeneko mpira umanunkha nzimbe. Odula nzimbe, akabaza ndi asodzi timapanikizana malo amodzi, ndipo bwalo lili pafupi moti umamva goloboyi akukalipira anzake. Asilikali a MAFCO ndi a ku Salima, koma akamasewerera pano timawatenga ngati ana a pakhomo.

Ku Kamuzu Stadium n'kwina, amwene. Bambo anga ankalidziwa bwaloli pa wailesi ya MBC basi, mpaka anatisiya asanaliwone. Tsiku limene ndinalowamo, Bullets ikukumana ndi Wanderers, ndinaima kaye pamasitepe ngati ndawabweretsera uthenga. Uku kofiira, uko kobuluu, ng'oma ndi mavuvuzela, fungo la kanyenya ndi chipisi kuchokera kunja kwa mpanda. Mlendo amayamba wayang'ana mtundu wa malaya ake asanasankhe pokhala. Ine ndinavala obiriwira, ndipo m'dala wina wa Manoma anandigawira mtedza uku akundifotokozera mbiri ya osewera aliyense ngati ndi adzukulu ake.

Ku Dedza umaonera mpira manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu. Ku Mzuzu kamvula kowaza sikathamangitsa munthu.

Ndiye pali Bingu National Stadium, ku Area 48 mu Lilongwe, yomwe inatsegulidwa mu 2017 ndipo imalowa anthu opitirira 40,000. Kukongola kwake n'kosayamba: mipando yeniyeni, denga, magetsi. Koma kanjira ka othamanga kamakankhira mpira kutali, osewera n'kumaoneka ngati nyerere. Komanso sindidutsa pageti pake osakumbukira 6 July 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anamwalira pa mpanipani pofuna kulowa kukaonera Bullets ndi Silver Strikers. Anachoka kunyumba atasamba, akusangalala, ngati mmene timachokera tonsefe.

N'chifukwa chake mtima umandigunda mwana wanga wa zaka 9 akamati, "Adadi, ulendo uno munditenge." Mayi ake safuna n'kumva komwe, ndipo sindingawatsutse. Pageti pakadzaza, munthu wamkulu amapuma ndi mphuno ili m'mwamba. Nanga mwana amene mutu wake ukulekeza m'chiuno mwanga? Komabe sindifuna kuti adzakule akudziwa mabwalowa pafoni pokha, ngati mmene agogo ake ankawadziwira pa wailesi.

Tagwirizana chonchi pakhomo. Chaka chino ndi Chitowe kaye, komwe ndikudziwa potulukira paliponse. Akakhoza mayeso, tikwera limodzi ndi matumba a usipa mpaka ku Lilongwe, pa gemu yolipira, yopanda chikho. Tikalowa mageti akangotsegula, tikakhala kufupi ndi potulukira, ndipo wezulo yomaliza ikalira tikadikira anthu athe kaye. Minibasi ikatisiya, itisiye.